Galimoto yotentha pa jamu: musaigulitse musanayezetse fani

Mayi wina wa ku Chelstone ku Lusaka wandilembera imelo atatopa nazo. Galimoto yawo, yogwirapo kale ntchito ku Japan, yomwe inalowera pa Nakonde, imatentha injini akaima pa jamu (mdipiti wa magalimoto) ya Great East Road, koma akapita ku Kafue imayenda bwinobwino. Makaniko woyamba anasintha pampu ya madzi, wachiwiri anachotsa thermostat (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta), wachitatu akufuna kutsegula injini. Akufunsa kuti: "Kodi ndingoigulitsa?"

Mayi, pepani, ndalama zanu zapita zambiri. Koma musagulitse kaye, chifukwa mwanena nokha chinthu chimene amakanikowo sanachimvetsere. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha mu rediyeta n'kuziziritsa madzi. Ikaima, ntchito yonseyo imatsalira fani. Ndiye ngati imatentha pa jamu pokha, woyamba kumukayikira ndi fani, fyuzi yake, relay (kaswichi koipatsa magetsi), kapena sensa imene imaiuza kuti iyake. Mawa m'mawa lizani injini pakhomo, tsegulani boneti, muyatse AC. M'magalimoto ambiri fani imayamba kuzungulira pomwepo. Ikangokhala chete, kapena ikamazungulira mwaulesi, pitani kwa wodziwa zamagetsi a galimoto, osati wotsegula injini.

Za thermostat zandipweteka mtima. Chizolowezi chochotsa kachipangizoka chafala m'magalaja athu, amati kuno n'kotentha sikafunika. Si zoona. Kamatseguka madzi akafika madigiri pafupifupi 82 m'mainjini ambiri a ku Japan, ndipo popanda iko injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri, ndipo vuto lenileni limangobisala. Mugule katsopano kabwezeretsedwe.

Ndikufunseni: mumathira chiyani mu rediyeta? Ambiri timathira madzi a pampopi kapena a pa borehole. Lusaka ili pamwamba pa miyala ya laimu, ndipo madzi apansi pano amasiya zoyera zija mumaziona m'ketulo. Zomwezo zimatseka timapaipi ta rediyeta pang'onopang'ono. Komanso mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, choncho madzi wamba amawira pa madigiri pafupifupi 96, osafika 100. Chimene chimawaletsa kuwira ndi coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini) ndi chivundikiro cha rediyeta chogwira mpweya bwino, chija cholembedwa 0.9 kapena 1.1 pamwamba. Mphira wake ukang'ambika, October akafika mudzaona nthunzi. N'chotsika mtengo, koma anthu sachiyang'ana n'komwe. Chonde musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amawotcha koopsa.

Makaniko wachitatuyo mwina akulondola, popeza injini yotentha kangapo imapsereza gasiketi, chotsekera chimene chimakhala pakati pa injini ndi mutu wake (cylinder head). Koma akuonetseni umboni asanamasule bawuti ngakhale imodzi: utsi woyera wosatha ku ekizozi, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka pansi pa chivundikiro cha pothirira oyilo, thovu lotuluka mu rediyeta, madzi ochepa tsiku ndi tsiku popanda podontha. Apime compression (mphamvu imene injini imapanikizira mpweya) inu mukuona. Chilichonse chimene wachotsa akupatseni m'manja, ndipo mtengo mugwirizane ntchito isanayambe.

Gasiketi ikapezeka kuti yapsa ndipo cylinder head yapindika, funsani mtengo wokonzera ndi wa injini ina yogwirapo kale ntchito, mufanizire ndi ndalama imene galimotoyo ingagulidwe lero. Kukonza kukapitirira theka la mtengo wa galimotoyo, ine ndingagulitse, ndipo wogulayo ndingamuuze vuto lake. Mundilemberenso zimene fani yachita mawa.