Ndawonjezera RAM, koma Linux ikuti yataya ina

Funso: Akonzi, kompyuta yanga inali ndi RAM ya 4 GB, ndiye ndawonjezera kuti ikwane 8 GB. BIOS ikuiona yonse, koma Linux ikuonetsa yoperewera, ndipo mu dmesg mwalembedwa kuti "CPU MTRRs don't cover all of memory, losing 1024MB of RAM". Kodi ndagula RAM yowonongeka? Mnzanga akuti ndingoika disable_mtrr_trim basi. *Wowerenga*

Yankho: RAM yanuyo ilibe mlandu, wolakwa ndi BIOS. Mu purosesa muli tizigawo totchedwa MTRR, tomwe tinayamba ndi Pentium Pro mu 1995. Ntchito yake ndi kuuza purosesa kuti malo ati a memori adutse mu cache (kamemori kothamanga ka mu purosesa) ndipo ati asadutsemo. RAM wamba iyenera kukhala write-back (yodutsa mu cache), pomwe malo a zipangizo amakhala uncachable (osadutsa mu cache). Amene amalemba zimenezi kompyuta ikamayaka ndi BIOS, ndipo yanuyi yalekeza panjira.

Lembani cat /proc/mtrr. Mzere uliwonse ukuonetsani base (adiresi yoyambira), size (kukula) ndi mtundu wake. Kenako lembani dmesg | grep e820 (e820 ndi mapu a memori ochokera ku BIOS), muone mizere yothera ndi "usable". Malo amene ali usable koma sakupezeka mu mzere wa write-back ndiwo atayikawo. Kawirikawiri amakhala kumapeto, chifukwa BIOS imasiya mpata wa zipangizo pansi pa 4 GB, RAM ya pamenepo n'kuikankhira pamwamba. Ndiye 8 GB yanu ikhoza kuthera pa adiresi ya 9 GB.

Vuto lina ndi kuchepa kwa ma MTRR. Mapurosesa ambiri ali nawo 8 kapena 10 okha, ndipo size imayenera kukhala yowirikiza kawiri nthawi iliyonse: 256 MB, 512 MB, 1 GB, 2 GB. Kuti mukwanitse 3 GB pafunika awiri. Sachedwa kutha.

Malangizo a mnzanuwo musawatsate paokha. Kernel, mtima wa Linux, imadula dala RAM imeneyo, chifukwa memori yopanda cache imachititsa purosesa kukatenga chilichonse ku RAM nthawi zonse. Mukaika disable_mtrr_trim muionadi 8 GB yonse, koma makina azikwawa ngati nkhono, ngakhale kuyaka kumene kungatenge mphindi zambiri. PAT, njira ina yosankhira mtundu wa cache yomwe Linux inayamba kugwiritsa ntchito pa 2.6.26, sikupulumutsani apa: MTRR ikanena kuti uncachable, write-back ya PAT siigwira.

Yambani ndi kuika BIOS yatsopano kuchokera kwa opanga motherboard. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Ngati yatsopano kulibe, njira ilipo koma njofuna kusamala. Pa GRUB, mndandanda womwe umabwera Linux isanayambe, dinani e, muwonjezere disable_mtrr_trim pa mzere woyamba ndi "linux", n'kudina Ctrl+X. Izi n'zongoyesera, mukazimitsa zimafufutika. Makina akayaka, muli root, lembani:

echo "base=0x200000000 size=0x40000000 type=write-back" > /proc/mtrr

Chitsanzochi chikutenga 1 GB kuyambira pa 8 GB. Manambala anu mutenge ku e820, osakopera awa, ndipo base igawike ndi size popanda chotsala, apo ayi kernel ikana. Ikananso ngati ma MTRR onse adzaza. Choopsa kwambiri ndi kuika write-back pa malo a chipangizo, monga khadi la zithunzi: malamulo opita ku chipangizocho amatsakamira mu cache, makina n'kuuma. Onani maadiresi a zipangizo ndi lspci -v musanadine Enter.

Zikayenda, ikani disable_mtrr_trim mu /etc/default/grub, ndipo mzere wa echo uziyendetsedwa koyambirira kwenikweni poyaka, popeza MTRR imaiwala zonse magetsi akazima.