Ndalama yobenthuka: idalakwika ku fakitale kapena ndi khasu?

FUNSO: Zikomo akuluakulu. Ndine mlimi wa fodya ku Santhe m'boma la Kasungu. Ndikupanga mizere pomwe kale padali nyumba ya malemu agogo anga, ndidafukula ndalama ziwiri zachitsulo. Ina ndi 20 tambala ya 1971, ya njovu ija, koma m'mbali mwake ndi mobenthuka ndipo pankhope ya Kamuzu padutsa kamzere. Inayo ndi khobidi loboola pakati. Munthu wina pa msika wa pa boma akuti zonsezi zidalakwika ku fakitale ndipo akunja amagula modula, bola ndimupatse ya thiransipoti akandipezere wogula. Kodi ndi zoona?

YANKHO: Bambo, ya thiransipotiyo musapereke. Wofuna kugula chinthu chanu ndiye amabwera ndi ndalama.

Tiyambe ndi khobidilo, poti nkhani yake ndi yaifupi. Ngati palembedwa kuti Rhodesia and Nyasaland, ndi la nthawi ya chitaganya, chomwe chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Makobidi amenewo ankawapanga oboola dala. Mukaliyang'ana muona kuti bowolo lili pakati penipeni ndipo zithunzi ndi zilembo zikulizungulira bwinobwino. Bowo la msomali limadula zilembo, komanso limasiya chitsulo chitatukuka kuseri.

Za 20 tambala zija ndiye zofunika kukhalira pansi. Kuno kwathu tilibe fakitale yosulira ndalama, Reserve Bank imachita kuitanitsa kunja. Kumeneko makina amadula tizitsulo tozungulira pa chitsulo chachikulu chaphanthiphanthi, amatukula m'mphepete mwake, kenako kalikonse amakapana mwamphamvu pakati pa zidindo ziwiri. Nkhope, njovu ndi chaka zimatuluka pa kumenya kumeneko. Ndiye pa chilema chilichonse muzidzifunsa kuti: kodi chidalipo ndalama isanadindidwe, kapena chabwera pamwamba pa zodindidwa kale?

Tengani tochi usiku, muunike ndalamayo chammbali kuti kuwala kuziyenda chogona, kenako mujambule ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Kamzere ka pankhope kaja, kodi n'kotukuka kapena n'kolowa? Aliyense amene adaumbapo njerwa akudziwa kuti chikombole chikang'aluka, dothi limalowa mumng'aluwo ndipo njerwa iliyonse imatuluka ndi kamzere kotukuka pamalo omwewo. Chidindo chong'aluka chimachitanso chimodzimodzi: kamzere kake kamakhala kotukuka, kokhotakhota, ndipo nthawi zambiri kamayambira m'mphepete. Koma kamzere kolowa, kokhala ngati kangalande, kotukuka pang'ono m'mbali zonse ziwiri, ndiye kuti china chake chakuthwa chidakanda n'kukankhira chitsulocho pambali. Kumeneko ndi kuwonongeka chabe.

Kubenthuka nako kumachitikadi ku fakitale, pamene makina adula kachitsulo molowerera pa bowo lomwe adula kale. Pamasowa kachigawo kokhota ngati mwezi wongooneka kumene. Chizindikiro chake ndi chakuti mkombero wa ndalama umanka nuzimirira pang'onopang'ono pofika pobenthukapo, zilembo zapafupi zimaoneka zofooka ngati zikutsetserekera komweko, ndipo kawirikawiri mkombero wa mbali yopenyana nayo umakhalanso wosatukuka bwino. Izi munthu wa tupa kapena wa sowo sangazipange. Podulidwa ndi chida, mkombero umathera mwadzidzidzi uli wathunthu, zilembo zimaduka zili zakuthwa, ndipo ndalama imakhala yopindika kapena yotupa kuseri kwa pomwe idamenyedwa.

Kunena mosabisa, ine ndikuganiza kuti ndi khasu. Ndalama yomwe yakhala m'munda wolimidwa chaka ndi chaka imakumana ndi zambiri, ndipo kubenthuka pamodzi ndi kamzere pa ndalama imodzi yofukulidwa m'dothi kumaloza komweko. Chinyezi ndi fetereza nazo zimadya chitsulo, n'kusiya timaenje tokhakhala ndi mtundu wofiirira. Anzathu a ku Mchinji amabweretsanso zina zophwatalala, zazikulu kuposa zinzake, zomwe ana adaika pa njanji kuti sitima iponde. Zimenezo zilembo zake zimakhala zofutukuka ndi zofufutika mbali zonse. Yolakwika podinda imasiyana nazo: chithunzi chimapita mbali imodzi, kwinako n'kutsala kosalala kopanda kanthu, koma zomwe zadindidwazo zimaoneka bwino.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi kuona anthu akukwecha ndalama zoterezi ndi phulusa, mchenga kapena mandimu kuti ziwale. Chonde musatero. Kukwecha kumafufuta zizindikiro zomwe ndatchulazi, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale sakonda yokwechedwa. Itsukeni ndi madzi okha, muiumitse ndi kansalu kofewa, muikulunge m'pepala payokha.

Mukapeza 20 tambala ina ya 1971 yabwinobwino, ndipo m'zitini za agogo ambiri zilimo, ziikeni pamodzi muyerekeze mkombero ndi zilembo. Ngati zizindikiro za ku fakitale zilipodi, mtengo wake ungakwereko, koma musayembekeze ndalama zogulira feteleza wa munda wonse, chifukwa ndalama za chaka chimenecho zidapangidwa zambiri. Titumizireni zithunzi za mbali zonse ziwiri ndi cha m'mphepete pobenthukapo, tidzakuuzeni zomwe tikuona.