Kodi dera la Burwood linapita kuti?

Mayi wina amene akukhala kum'mawa kwa mzinda wa Melbourne ku Australia wanditumizira imelo. Akuti m'nyuzipepala zakale amawerenga za "phungu wa Burwood", koma aneba awo akuti phungu wawo ndi wa Ashwood. Funso lawo: kodi Burwood linalipo zoona, nanga linatha bwanji?

Mayi, linalipo ndithu. Koma tisiyanitse kaye, chifukwa ku Sydney kulinso Burwood ina. Ine ndikunena dera la chisankho la Nyumba ya Malamulo ya boma la Victoria, ya mipando 88, osati ya dziko lonse ku Canberra. Linali ndi madera okhala anthu monga Burwood, Ashburton, Ashwood ndi mbali ina ya Glen Iris.

Deralo linakhazikitsidwa mu 1955, linathetsedwa mu 1967, kenaka linabweranso mu 1976. Pa chisankho cha chaka chimenecho anawina ndi mnyamata wa zaka 28, Jeff Kennett wa chipani cha Liberal, ndipo anaugwira mpandowo zaka 23. Kuyambira 1992 mpaka 1999 ndiye anali Premier, mtsogoleri wa boma la Victoria. Munthu ameneyu sankachitira zinthu m'mbali. Anagulitsa makampani a magetsi a boma, anatseka masukulu ochuluka, anaphatikiza makhonsolo 210 kukhala 78. Ena amamutamanda mpaka lero kuti anakonza chuma, ena sanamukhululukire.

Pamene pamandigwira mtima ine ndi 1999. Aliyense ankayembekeza kuti Kennett awina mosavuta pa chisankho cha mu Seputembala, koma anthu a m'matauni aang'ono ndi kumidzi, amene ankaona kuti boma lawataya, anamutembenukira. Aphungu atatu oima paokha anasankha kugwirizana ndi Steve Bracks wa chipani cha Labor, boma n'kusintha. Kennett anatula pansi uphungu, ndipo pa chisankho chapadera cha mu Disembala, Burwood yemwe uja, kwawo kwa Premier, anavotera Bob Stensholt wa Labor. Chipanicho chinali chisanawinepo derali chiyambire! Kwa ine imeneyi ndiyo nkhani yeniyeni ya Burwood: a Liberal ankalitenga ngati munda wa makolo awo, koma ovota anangowasonyeza kuti ankawabwereketsa chabe.

Kuchokera pamenepo mpandowo unkangosinthana manja. Stensholt anakhalapo mpaka 2010 pamene Graham Watt wa Liberal anamugonjetsa, ndipo mu 2018 Will Fowles anaubwezera ku Labor. Iyeyu ndiye phungu womaliza wa Burwood.

Tsopano chimene chinalithetsa. Si ndale ayi, ndi masamu a kalembera. Lamulo la ku Victoria limafuna kuti chiwerengero cha ovota m'dera lililonse chisapose kapena kuchepera ndi 10 peresenti poyerekeza ndi avereji ya madera onse. Melbourne wakhala akukula kwambiri m'mphepete, kumene mabanja achinyamata akumanga nyumba, pamene madera akale a kum'mawa akukula pang'onopang'ono. Choncho mu 2021 bungwe loima palokha la Electoral Boundaries Commission linadulanso malire. Kunabadwa madera atsopano monga Point Cook, Kalkallo ndi Pakenham, ndipo Burwood, Forest Hill ndi Mount Waverley anachoka pa mapu. Ife a ku Malawi zimenezi sizachilendo, paja nafenso madera athu anachoka pa 193 kufika pa 229, kungoti ku Victoria mipando inakhalabe 88, ndiye kuti kuonjezera kwina kunafuna kuchotsa kwina.

Gawo lalikulu la Burwood linalowa m'dera latsopano la Ashwood, limene pa chisankho cha Novembala 2022 anawina Matt Fregon wa Labor, amene kale anali phungu wa Mount Waverley. Fowles anakaima ku Ringwood n'kuwina kumeneko.

Ndiye aneba anu sananame, mayi. Komabe popeza misewu ina ya m'malire inapita kumadera oyandikana nawo, lembani keyala ya nyumba yanu pa webusaiti ya Victorian Electoral Commission, ikuuzani dera limene muli.