Raketi ya Axelsen pa dzanja la munthu wa pa neti

FUNSO: Achimwene, ndine mphunzitsi ku Ulongué. Loweruka lililonse timasewera badminton mu holo ya sukulu, nthawi zambiri awiriawiri. Ine ndimaima kutsogolo pafupi ndi neti, mnzanga ndiye wa kumbuyo. Msuweni wanga akubwera pa Khirisimasi kuchokera ku Johannesburg ndipo wati andigulira raketi. Mtima wanga uli pa Yonex Astrox 100ZZ, ya Viktor Axelsen ija. Koma ndikabwereka ya mnzanga, yomwe ndi yolemera kumutu, m'mawa mwake phewa limawawa. Ndimuuze chiyani msuweniyu?
Wowerenga wa ku Angónia

YANKHO: Aphunzitsi, Axelsen, katswiri wa ku Denmark, ndi wamtali mamita 1.94, anatchuka posewera yekha mbali yake yonse ya bwalo, ndipo golide wa Olimpiki anatenga kawiri, ku Tokyo mu 2021 ndi ku Paris mu 2024. Raketi yakeyo ndi yolemera kumutu, thunthu lake louma gwa. Imapatsa mphamvu munthu amene ali nazo kale. Inu ntchito yanu ndi ina: kudula shato (kampira ka nthenga kaja) isanatsike, kubweza simashi yolunjika pamimba, kugwetsera kashato kuseri kwa neti. Zonsezi ndi za mkono wachangu. Mutu wolemera umachedwa kutembenuka, ndiye phewa limakakamizika kugwira ntchito yomwe inayenera kugwiridwa ndi zala. Mwina kuwawa kuja kukuchokera pamenepo.

Yesani izi Loweruka likubwerali. Tengani raketi ya mnzanuyo, muigoneke pa chala chimodzi mpaka ileke kupendekeka, kenako muyeze ndi rula kuchokera kumapeto a chogwirira kufika pa chalapo. Zikapitirira mamilimita 295, ndi ya anthu a simashi. Zikakhala cha m'ma 285 kapena kutsika, ndi yopepuka kumutu, yanu imeneyo. Za pakati ndi za wosewera wosinthasintha malo. Kwa Yonex mitundu itatuyi ndi Astrox, Nanoflare ndi Arcsaber. Ine ndikanakupatsani Nanoflare. Ngati masiku ena mumasewera mmodzimmodzi, Arcsaber siingakukhumudwitseni.

Kenako pali timanambala tolembedwa pamwamba pa chogwirira, tomwe ambiri sitiwerenga. 3U ndi magalamu 85 mpaka 89, 4U ndi 80 mpaka 84, 5U ndi 75 mpaka 79. Magalamu asanu pa sikelo ya pa msika si kanthu, ngakhale wogulitsa mbatatesi sangakangane nanu. Koma kwezani dzanja kambirimbiri kwa maola awiri, mudzawamva. Tengani 4U. Chogwirira chikhale G5, chocheperako kuposa G4, chifukwa chaching'ono mumachikulitsa pokulunga tepi, pomwe chachikulu simungachisende. Thunthu lisakhale louma kwambiri. Lofewako limapindika n'kukuthandizani kuponya shato mpaka kumbuyo kwa bwalo popanda kudzipha.

Pa zingwe ndiye ndikhalitsepo, poti apa ndinapsa ndekha. Chaka china ndinalukitsa raketi yanga pa mapaundi 28 (muyeso wa kukoka kwa zingwe) chifukwa ndinamva kuti akatswiri amatero. Kulira kwake kunali kokoma, koma shato ndikaiphonya pakati pang'ono pokha inkangogwera pa theka la bwalo, chigongono n'kumayaka. Sabata yachitatu chingwe chinaduka. Raketi inakwera chapa (minibasi) kupita kwa wolukira kutali, ine n'kukhala mwezi wathunthu ndikuwerengera anzanga mapointi. Zingwe zokoka kwambiri zimachepetsa malo abwino omenyera, ndipo zimafuna dzanja losaphonya. Inu yambani ndi mapaundi 22, musapitirire 24. Chingwe chikhale BG65, chokhuthala mamilimita 0.70. Zopyapyala ngati BG66 Ultimax ya 0.65 zimakoma pomenya, koma n'za anthu okhala pafupi ndi makina olukira. Ndipo mukatsikira ku Tete m'mwezi wa Okutobala, raketi musaisiye m'galimoto yotseka. Kutentha kwa kumeneko kumafooketsa zingwe tsiku limodzi lokha.

Msuweni wanu agule m'sitolo yeniyeni ya zamasewera. Zabodza zadzaza, utoto wake wowala kuposa zenizeni, ndipo awiriawiri maraketi sachedwa kugundana: yabodza imathyokera pomwepo. Komanso ndalama ya Astrox 100ZZ imodzi ikhoza kugula raketi ziwiri za mtengo wapakati. Mitundu yotsikirako ya Yonex, yolembedwa Play kapena Game, ndi yokwanira pa masewera a Loweruka. Yachiwiriyo ndi yomwe idzakupulumutseni tsiku loduka chingwe.

Mashato asaiwale. Kwanu ku Angónia ndi kumtunda, mpweya ndi wopepuka, choncho shato imauluka kupitirira mzere. Mavis 350 ya chivindikiro chobiriwira ndi yochedwa, ndiyo ya miyezi yotentha. Yabuluu musungire chisanu cha Juni ndi Julayi.

Uthenga wa pa WhatsApp ulembeni chonchi, iye angokaonetsa wogulitsa: Nanoflare, 4U, G5, BG65 pa mapaundi 22, ziwiri ngati thumba likulola, ndi machubu awiri a Mavis 350, china chobiriwira china chabuluu. Phewalo likamawawabe ndi raketi yopepuka, pumani masabata angapo mukaonane ndi achipatala.