Mwana akufuna unamwino koma mutu wa cell membrane ukumuvuta

Mayi wina wa ku Dedza walemba kuti mwana wake wamkazi wa Fomu 3, amene akufuna kudzaphunzira unamwino, amajambula bwino selo koma amalephera mafunso ofuna kuti afotokoze ntchito ya cell membrane. Akufunsa ngati mwanayo angoudumpha mutuwu n'kulimbikira ina.

Mayi, asaudumphe. Ndikuona kuti mwana wanu analoweza chithunzi asanamvetse chimene chimachitika pamenepo, ndipo zimenezi zimakonzeka.

Cell membrane ndi kakhungu kokuta selo, ndipo n'kopyapyala zedi, pafupifupi mananomita 7 (nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita). Kanapangidwa ndi mizere iwiri ya mafuta otchedwa phospholipid, omwe mitu yake imagwirizana ndi madzi ndipo imayang'ana kunja ndi mkati mwa selo, pamene michira yake imathawa madzi n'kubisala pakati. M'mafutamo muli mapuloteni amene amasuntha uku ndi uku, ndipo kafotokozedwe kameneka, ka fluid mosaic model, anakapereka Singer ndi Nicolson mu 1972. Ntchito yaikulu ya kakhunguka ndi kusankha cholowa ndi chotuluka. Mpweya wa okosijeni umadutsa m'mafutamo wokha, kuchoka kumene uli wambiri kupita kumene uli wochepa (kumeneku ndiye diffusion), koma shuga ndi mchere zimafuna puloteni yozitsegulira njira. Nthawi zina selo limawononga mphamvu pokankhira zinthu kumene zili kale zambiri (kumeneku ndiye active transport), monga pamene puloteni imodzi imatulutsa tizigawo 3 ta sodium n'kulowetsa 2 ta potassium, ntchito imene mitsempha yathu imadalira kuti itumize uthenga.

Pamene ophunzira ambiri amataya malikisi ndi pa osmosis, kumene ndi kudutsa kwa madzi pa kakhunguka kuchoka kumene mchere kapena shuga ndi wochepa kupita kumene ndi wambiri, ndipo apa mungamuthandize kunyumba komweko. Dulani tizidutswa tiwiri ta mbatatesi totalika mofanana, muyeze ndi rula, kenaka muike kamodzi m'kapu ya madzi oyera ndi kena m'kapu ya madzi othira mchere wambiri. Pakapita maola angapo, ka m'madzi oyera kamakhala kolimba ndi kotalikirapo, pamene ka mumchere kamalefuka n'kufupika moti kamapindika osathyoka. Musamuuze chifukwa chake. Mulekeni afotokoze yekha kumene madzi achokera, kumene apita ndi chimene adutsamo, pakuti yankho losowa chimodzi mwa zitatuzi limakhala loperewera. Akatero adzamvetsanso chifukwa chake feteleza wothiridwa mogunda phesi amawotcha chimanga.

Ponena za unamwino, mutu umenewu adzakumana nawo tsiku ndi tsiku m'wodi. Madzi a diripi otchedwa normal saline amakhala ndi mchere wokwana 0.9 peresenti chifukwa madzi opanda kanthu atalowa mumtsempha, maselo ofiira a magazi angamwe madzi mpaka kuphulika. Thanzi ORS amene amapatsidwa kwa mwana wotsegula m'mimba amasakaniza shuga ndi mchere chifukwa m'matumbo muli puloteni imene imalowetsa ziwirizi pamodzi, ndipo madzi amazitsatira kulowa m'thupi. Namwino wosadziwa zimenezi amangotsatira malangizo popanda kumvetsa.

Makoleji a unamwino, kuphatikizapo yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, amafuna kuti wofunsira malo akhale atakhoza bwino Biology pa MSCE. Choncho apeze mapepala a mayeso akale a MANEB, asankhe mafunso a diffusion, osmosis ndi active transport, ayankhe m'ziganizo zathunthu buku lili lotseka, ndipo apemphe aphunzitsi ake amuchongere.