Amazon yakuitanani ku intaviyu, koma bizinesi musayambe mwaitseka

Funso: Ndili ndi kabizinesi ku Blantyre kopangira masukulu ndi masitolo mapulogalamu a pakompyuta. Kampani ya Amazon yandiitana ku intaviyu ya ntchito ya uinjiniya ku ofesi yake ya ku Cape Town. Ndikonzekere bwanji, nanga ndiyambe kutsanzikana ndi makasitomala anga?

Yankho: Achimwene, kuitanidwa kokhako ndi umboni wakuti ntchito mumaitha, chifukwa ofesi ya ku Cape Town si yamasewera. Kumeneko ndi kumene mainjiniya anapangira EC2, njira yobwereketsa mphamvu za makompyuta kudzera pa intaneti, yomwe Amazon inayamba kugulitsa mu 2006 ndipo lero ndi mzati wa AWS, nthambi ya Amazon yogulitsa ntchito zoterezi. Koma makasitomala anu musawauze kalikonse pakadali pano.

Mukapambana mayeso oyamba olemba pulogalamu, mudzakumana ndi anthu anayi kapena asanu motsatizana, aliyense kwa pafupifupi ola limodzi. Mmodzi mwa iwo amatchedwa Bar Raiser. Iyeyu sachokera m'gulu limene likufuna munthu, ndipo akakana, simulembedwa ntchito ngakhale bwana wa gululo atakukondani. Mafunso a luso mudzawatha mukayeserera. Chimene ndikukuderani nacho nkhawa ndi mbali inayo. Amazon ili ndi mfundo 16 za utsogoleri, ndipo wofunsa aliyense amapatsidwa mfundo zoti akuyeseni nazo, monga kuika kasitomala patsogolo kapena kutenga ntchito ngati yanuyanu. Adzati, tiuzeni za tsiku limene munalakwitsa, kenako adzafukula nkhaniyo mpaka pansi: munachita chiyani, zinatha bwanji, ndi manambala ake. Ife tinaleredwa kunena kuti "tinachita", poopa kuoneka odzitama, koma m'chipinda chimenecho mawuwa amabisa dzanja lanu. Nenani kuti "ndinachita" pamene munachitadi ndinu. Bizinesi yanu ndiyo nkhokwe ya nkhani zoterezi: usiku umene pulogalamu ya sukulu inafa mawa lake kuli kupereka malipoti, magetsi atazima, inu mukugwira ntchito pa batire la laputopu. Zilembeni zisanu ndi zitatu ndipo muzizinena mokweza mpaka zizolowereke.

Chikhalidwe cha pantchitopo muchiganizirenso musanavomere. Misonkhano ikuluikulu imayamba mwakachetechete, aliyense akuwerenga chikalata cha masamba asanu ndi limodzi, motero injiniya wosadziwa kulemba momveka amavutika. Mainjiniya amasinthana kulondera mapulogalamu awo, ndipo foni imatha kukudzutsani pakati pa usiku. Mu 2024 mkulu wa kampaniyi, Andy Jassy, analamula kuti kuyambira Januwale 2025 antchito azipezeka mu ofesi masiku asanu pa sabata.

Tsopano za ndalama, zomwe ndi gawo langa kwenikweni. Malipiro a mainjiniya m'makampani otere amakhala patatu: a pamwezi, bonasi yolowera ntchito, ndi masheya. Amazon imadziwika ndi kupereka masheyawo mochedwa, 5 peresenti chaka choyamba, 15 chachiwiri, 40 chachitatu ndi 40 chachinayi. Izi zikutanthauza kuti amene wachoka kapena kuchotsedwa patatha zaka ziwiri amasiya 80 peresenti ya masheya amene anamukopa. Kuchotsedwako si nkhambakamwa, pakuti pakati pa 2022 ndi 2023 kampaniyi inachotsa anthu pafupifupi 27,000. Choncho kalata yokupatsani ntchito ikabwera, pemphani kuti kagawidwe ka masheya anu kalembedwe papepala, ndipo bajeti yanu muimange pa malipiro a pamwezi okha, mutachotsapo msonkho wa ku South Africa ndi lendi ya ku Cape Town, yomwe ndi yowawa.

Funsaninso ngati kampaniyo idzakuthandizeni kupeza chilolezo chogwirira ntchito m'dzikolo, komanso ngati mgwirizano wanu ukulolani kukhalabe mwini wa bizinesi ina ya mapulogalamu. Akalola, pezani mnzanu wodalirika, mulemberane pamaso pa loya za kagawidwe ka phindu, ndipo makasitomala muwadziwitse pokhapokha chilolezocho chitadindidwa m'pasipoti yanu.