Kuyankha msuweni za mitsinje ndi AI

Eee, msuweni, funso lako ndalimva, loti kompyuta ingadziwe bwanji kuti mtsinje usefukira pomwe sinaupondemo n'komwe. Koma ine ndimakudziwa iwe. Ukufunsa ngati zimene ndikuphunzirazi, zolosera madzi a m'mitsinje ndi AI (nzeru zopangira za makompyuta), ndi ntchito yeniyeni. Usakane, mawu ako a tsiku lija kwa azakhali ndikadali nawo.

Dikira kaye. Amalume ukuwakumbukira ndi kope lawo lija? M'mawa uliwonse, kaya kukugwa mvula kaya akudwala, ulendo kumtsinje kukawerenga ndodo ya manambala ija yoyezera pomwe madzi afika. Pensulo ankaimangirira pakopelo ndi ulusi, amati inki ikanyowa imathawa. Ndiye chaka chija madzi anamiza ndodo yonse, eti, munthu wina akanangolemba za m'mutu. Iwo ayi. Anakhoma msomali pamtengo pomwe madzi analekezera, madzi ataphwera n'kubwerera ndi chingwe kukayeza. Azakhali anawakalipira mpaka mawu kusasa, akuti mufera manambala inu, ana muwasiyira ndani. Amalume phee, akusongola pensulo. Iwe paja unkalira kuti akutenge, ukafika n'kuyambanso kulira kuti ubwerere. Hahaha, pano ndiwe wolimba mtima pagulupu pano.

Chabwino, za funso lako. Kuli munthu wina, Frederik Kratzert. Mu 2018, akuphunzira ku Austria, PhD asanaimalize n'komwe, anatenga njira ina ya AI yotchedwa LSTM, yomwe Hochreiter ndi Schmidhuber anapanga mu 1997, n'kuiyesa pa mitsinje. Ubwino wake imakumbukira. Mvula yagwa lero, inde, koma nthaka inali itakhuta kale kapena inali youma? Mvula yomweyo, kwina ingolowa pansi, kwina ikokolola mlatho. Ndiye LSTM imasunga za miyezi yapita, n'kuziphatikiza ndi za lero.

Mu 2019 iye ndi anzake anaiphunzitsa mtsinje umodzi... ayi ayi, apa mpomwe pali nkhani, osati umodzi, mitsinje 531 ya ku America pakamodzi. Kale mtsinje uliwonse ankaukonzera masamu akeake. Koma makina amodzi ophunzira pa mitsinje yambiri anaposa njira zakale zija, mpaka kumalosera bwino ngakhale mtsinje womwe sanauonetsedwepo. Maganizo omwewo ndi amene pano ali mu Flood Hub ya Google, yomwe imachenjeza za kusefukira kwa madzi ngakhale kutatsala masiku 7, m'maiko oposa 80.

Nanga makinawo amaphunzira kuchokera pati? Mmm. Pa manambala amene anthu anayeza. Madzi anafika apa tsiku lakuti, mvula inagwa yochuluka chonchi, zaka ndi zaka. Komwe kulibe woyeza, makina amangodalira zomwe anaphunzira pa mitsinje ya kwina, ndipo palibe choti uwatsimikizire nacho ngati akunena zoona. N'chifukwa chake ine tsiku langa lambiri limathera pa zolemba zakale, kuona pomwe masiku anadumphidwa, pomwe ndodo inasunthidwa, pomwe wina analemba nambala yomweyo mwezi wathunthu.

Wamva? Popanda anthu oyeza mokhulupirika ngati amalume, AI imeneyi ilibe poyambira. Ndikubwerezanso, chifukwa iwe umamva kachiwiri: ntchito yanga ndi yomwe ija ya amalume, ine ndangoilandira pomwe iwo anasiyira, ndipo ndimainyadira kwambiri. Ndiye amayi akadzakutumanso kuti undifunse, udzawauze choncho.